KODI WOLUMALA TIMFUNA PAKHOMO PA MZIKITI KAPENA M'KATI?



M'mwezi uno wa Ramadhani manja athu amafeŵa. Tikamatuluka mu swala ya Ijumaa timaponyera kandalama mnyamata wokwaŵa amene wakhala pakhomo, mtima nkuti myaa, thawabu zapezeka. Koma tadzifunsani, mbale wanga: mnyamatayo mudampeza pomwepo chaka chatha, mwampezanso chaka chino. Kodi tikumthandiza iyeyo, kapena iyeyo ndiye akutithandiza ife kupeza thawabu motchipa?

Kumbukirani Abdullah ibn Umm Maktum, Swahaba wakhungu. Adadza kwa Mtumiki Muhammad (SAW) pamene Mtumikiyo adali kulankhula ndi akuluakulu a Chikuraishi, ndipo Mtumiki adachita tsinya. Allah adavumbulutsa Sura ya 80, Abasa, pa nkhani imeneyi. Tsono taonani: munthuyu sadadzere chakudya kapena ndalama ai. Adadzera maphunziro. Pambuyo pake adakhala muadhini ku Madina pamodzi ndi Bilali, ndipo mu Ramadhani anthu ankadya daku mpaka atamva adhana yake. Mzinda wonse unkayamba kufunga pa mawu a munthu wosaona! Kangapo konse, Mtumiki pochoka pa ulendo, ankamsiyira iyeyu kutsogolera swala. Ife lero tikadamkhazika pakhomo ndi kambale.

M'kalembera wa 2018, kudapezeka kuti mwa anthu khumi alionse a zaka 5 kapena kuposa muno m'Malaŵi, mmodzi ali ndi chilema. Ambiri ngachinyamata, ali ndi nzeru zao, manja ao ngabwino. Boma lidakhazikitsa bungwe la MACOHA mu 1971, limene lidasanduka MACODA ndi lamulo la 2024, ndipo bungweli lidatsegula malo ophunzitsira ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi fakitale yoluka ku Bangwe. Komatu wophunzira utelala akabwerera kumudzi wopanda makina osokera, abwereranso kukapempha.

Apa mpamene Zakaati iyenera kuloŵa. Mashehe a mazihabu a Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, adalongosola kuti mmphaŵi wodziŵa ntchito apatsidwe zokwanira kugula zida za ntchito yakeyo. Ife timagaŵa 2.5 peresenti yathu ija ting'onoting'ono kwa anthu makumi asanu, aliyense nkugula sopo, Idi isanafike zatha. Ndinena maganizo anga: kuli bwino mabanja khumi a pamzikiti umodzi asonkhe, agulire mtsikana mmodzi wosamva makina, kusiyana ndi kumwaza chotero. Ena adzadandaula kuti nanga ife tadumphidwa. Dandaulo lao nlomveka, ndipo ndicho chake pali Zakatul Fitri, chakudya cha aliyense wosoŵa.

Tsono pali lina lovuta. Taganizirani za Thambani, kumapiri a boma la Mwanza, kumalire ndi Mozambique, kutali ndi nyanja yathu. Asilamu kumeneko ngochepa. Mnyamata wolumala miyendo wa kumeneko sadzakhala pakhomo pa mzikiti wanu, simudzamuona, sadzakuthokozani, mwina si Msilamu nkomwe. Kodi ali nacho chake m'thumba mwanu? Kunena za Zakaati, Mashehe ambiri amati iyambe ndi Asilamu osoŵa a pamalo pamene chumacho chili. Koma sadaka ilibe malire otere; imafika kwa Mkhristu ndi kwa wina aliyense. Ndipo sadaka yopita kwa amene sangakuyimbireni m'manja ndiyo iyesa niya ngati ilidi ya Allah yekha.

Musanafike ku Thambani, yambani ndi masitepe a mzikiti wanu: kodi wanjinga ya olumala angakwere? Pamalo potawazira angafikepo? Ku madrasa, mwana wakhungu uja mwalimu adamlemba dzina? Pa futari ya lero mnyamata wa pakhomo uja muitaneni adye nanu mbale imodzi, ndipo mumfunse ntchito imene iye mwini afuna kuphunzira.