Mtima Watsopano M'mapaipi Akale

Kompulesa ndi chitsulo chakuda chotsekedwa mbali zonse, chimene chimakhala m'bokosi la panja la makina oziziritsa m'nyumba, aja ambiri amangoti eyakoni. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kupopa gasi. Imakoka gasi kuchokera m'mapaipi a m'chipinda, n'kumupanikiza mpaka atatentha kwambiri, kenaka n'kumukankhira m'mapaipi a panja, momwe fani imamuuzira mphepo mpaka atasanduka madzimadzi. Akadutsa pa kapaipi kopapatiza n'kulowanso m'nyumba, gasiyo amafutukuka n'kuyamwa kutentha kwa m'chipindamo. Makinawa sapanga kuzizira ayi, amangosamutsa kutentha n'kukakutaya kunja. Fuliji nayo imayenda chimodzimodzi. Kompulesa ikaima, fani ikhoza kumazungulirabe, tinyale n'kumayaka, koma chotuluka ndi mphepo wamba. N'chifukwa chake amisiri amaitcha mtima wa makinawo.

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo makinawa si ochuluka. Dera lake ndi lokwera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye chiperoni chikakuta mapiri anthu amafuna mbaula. Koma mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kumatentha ndithu, ndipo eyakoni imapezeka m'maofesi ena a maesiteti, m'nyumba zina za mabwana ndi m'malo ogona alendo. Kwa otchola tiyi, kompulesa yodziwika ndi ya fuliji ya pagulosale ku Bvumbwe, ku Makwasa kapena ku Luchenza, yoziziritsa zakumwa ndi mafirizesi. Ikapsa, kaya ndi ya bwana kaya ya wagulosale, mwini wake amakumana ndi funso limene alaliki ndi akatswiri a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi kuika mtima watsopano n'kokwanira kuti chinthu chikhale chatsopano?

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba n'kudula mapaipi. Amayamba wayang'ana kapasita, kachitini kakang'ono kamene kamathandiza mota kudzuka. Kakafa, kompulesa imangong'ung'udza pang'ono n'kuzima, ngati yapsa, chonsecho ili bwinobwino, ndipo mtengo wa kachitiniko ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompulesa. Akatero amaika mita pa timapini titatu ta kompulesayo kuti aone ngati waya wa m'kati waduka kapena wakhudza chitsulo. Pamenepo m'pamene amagamula kuti yapsa. Phunziro loyamba lagona pomwepa, ndipo m'mipingo salikumbukira kawirikawiri: si aliyense wofooka amene vuto lake lili mumtima. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa m'chipululu, mngelo sanamulalikire za kulapa. Anamupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agone.

Kompulesa kawirikawiri siifa yokha, imachita kuphedwa. Choyamba ndi magetsi. M'Malawi magetsi amayenera kufika m'nyumba ali mavoti 230. Akabwera ofooka, mota imakoka mphamvu yochuluka kuti izungulire, n'kutentha. Akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, imayesa kudzuka gasi akadali wopanikizika m'mapaipi, n'kulephera, waya n'kumapsa pang'onopang'ono. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Nyengo ngati imeneyo makina otere amavutika. Chachiwiri ndi fumbi ndi zinyalala zotseka mapaipi a panja, kutentha n'kusowa kothawira. Chachitatu ndi kabowo kosaoneka ndi maso komwe gasi amathawira. Gasi wobwerera ndiye amaziziritsa motayo, choncho akachepa imadzipsereza. Chachinayi ndi chinyezi chimene chikalowa m'mapaipi chimasakanikirana ndi oyilo n'kubala asidi.

Ntchito yosintha ili ndi ndondomeko yake. Mmisiri amathimitsa magetsi, n'kukokera gasi wotsala m'silinda. Amadula mapaipi a kopa n'kutulutsa kompulesa yakufayo. Akaipendeka, oyilo wake amanena zonse: ngati ali woyera, mota inangoima, koma ngati ali wakuda bii, wafungo lowawa m'mphuno, ndiye kuti inapsa ndipo asidi ndi mwaye zafalikira m'mapaipi onse. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo apa m'pamenenso waulesi amadumpha. Mapaipi ayenera kutsukidwa n'kupemereredwa ndi nayitulojeni. Kasefa kotchedwa filter drier kayenera kuchotsedwa, kuikapo katsopano. Kompulesa yatsopano iyenera kukhala ya mphamvu yofanana ndi yakale, ndiponso ya mtundu womwewo wa gasi, chifukwa R22 ndi R410A sagwiritsa ntchito oyilo mmodzi ndipo mphamvu ya kupanikizika kwawo ndi yosiyana. Akawotcherera, amapopera nayitulojeni n'kupaka thovu la sopo polumikiza ponse, kudikira ngati patuluke kathovu. Kenaka amalumikiza pampu yokoka mpweya ndi chinyezi chonse, n'kuisiya ilire nthawi yaitali, mwini nyumba akuyang'ana wotchi. Pomaliza amathira gasi poyeza pasikelo, molingana ndi magalamu olembedwa pa chikwangwani cha makinawo. Kuwotcherera kompulesa penipenipo n'kwa kanthawi kochepa. Nthawi yambiri imathera pa kutsuka, kuyesa ndi kudikira.

Tsono makinawo akayambanso kuziziritsa, ndi omwe aja kapena ndi ena? Plutarch, mlembi wa Chigiriki, anasimba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankasunga, akumachotsa thabwa lililonse lowola n'kuikapo lina, mpaka akatswiri anayamba kutsutsana ngati chinali chikadali chombo chomwe chija. Ku Thyolo funsoli si lachilendo. Esiteti ya Satemwa inayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo chiyambire antchito asintha, makina a m'fakitale asintha, koma palibe amene amaitcha esiteti ina. Pa 3 Disembala 1967, dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina m'chifuwa cha Louis Washkansky pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Wodwalayo atadzuka anali yemwe uja, mkazi wake yemweyo, mbiri yake yomweyo. Anamwalira patatha masiku 18, osati chifukwa mtimawo unalephera, koma ndi chibayo, poti mankhwala anali atafooketsa chitetezo cha m'thupi. Yankho lomveka ndi lakuti chinthu chimakhalabe chomwecho malinga ngati ntchito yake ndi mbiri yake sizinaduke. Ndipo yankholi lili ndi mtengo wake. Ngati makina ali omwe aja, ndiye kuti asidi wa dzulo akadali m'mapaipi mwake. Ngati munthu ali yemwe uja, ngongole zake za dzulo zikadali zake.

Mawu akuti mtima watsopano amachokera m'buku la Ezekieli, chaputala 36, momwe Mulungu akulonjeza Aisraele amene anali ku ukapolo ku Babulo kuti adzawachotsera mtima wamwala n'kuwapatsa wamnofu. Mpingo wakhala ukuphunzitsa kuti ntchito imeneyi munthu sangadzichitire yekha. Mkangano wa Augustine ndi Pelagius unali pamenepa, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unagwirizana ndi Augustine kuti popanda chisomo munthu sangadzikonze. Pa mfundo iyi makina akuvomereza, pakuti palibe kompulesa imene inadzisinthapo yokha. Chimene chimasokonekera ndi chotsatira chake. Pamisonkhano ya chitsitsimutso kutembenuka mtima kumalalikidwa nthawi zina ngati ntchito ya usiku umodzi, yothera pa kukweza dzanja. Koma Zakeyu, wokhometsa msonkho uja, atalandira Yesu m'nyumba mwake sananene kuti amene ankabera anthu anali munthu wina. Analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Kumeneko ndiye kutsuka mapaipi. Akatswiri a zaumulungu amasiyanitsa kuyesedwa wolungama, kumene n'kwa kamodzi, ndi kuyeretsedwa, kumene n'kwa moyo wonse. Akuluakulu akale anaona zomwezo pamene ankati madzi saiwala khwawa.

Patsala magetsi, amene sali m'kati mwa makina konse. Mmisiri angatsuke bwanji, koma mwini akakana kugula kachipangizo koteteza, kaja kamachedwetsa makina kuyaka kwa mphindi zingapo magetsi akabwera, kompulesa yatsopanoyo idzatsata inzake. Chaputala chomwecho cha Ezekieli sichilonjeza mtima wokha. Chimalonjezanso kubwerera kudziko lawo, tirigu wochuluka ndi kutha kwa njala, ndipo mbali imeneyi siimveka kawirikawiri paguwa. Ku Thyolo, komwe minda yaikulu inatengedwa ndi atsamunda ndipo anthu ankalipira malo okhala pogwira thangata mpaka linathetsedwa mu 1962, mbali imeneyi si yongowonjezera. Zipolowe za m'bomali mu Ogasiti 1953 zinakhudzanso nkhani ya malo. Joseph Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892, ankatsegula mamishoni ophatikiza ulaliki ndi ulimi ndi ntchito zamanja, ndipo mishoni yake ya Plainfield ku Makwasa inagulidwa ndi a Seventh-day Adventist mu 1902 n'kudzatchedwa Malamulo, komwe lero kuli chipatala ndi sukulu ya zaumoyo. Kulalikira mtima woona kwa kapitawo ndi wotchola tiyi n'koyenera. Koma kuulalikira osafunsa ngati malipiro akufika kumapeto kwa mwezi, kapena ngati banja lili ndi polima chimanga, n'kusiya theka la ntchito.

Fanizoli lili ndi malire ake, ndipo ayenera kunenedwa. Kompulesa ilibe chifuniro. Magetsi akaipa imapsa basi, pamene anthu ena amakhalabe oongoka pakati pa umphawi wadzaoneni, enanso amaola ali pa zonse. Choncho mavuto a kunja amafotokoza kugwa kwa munthu, koma samuchotsera mlandu wonse. Malire achiwiri ndi a kutaya. Chikhristu sichilola kuti munthu awerengedwe ngati wosakonzeka akadali ndi mpweya, koma pa makina kutaya n'kololedwa, ndipo nthawi zina n'kwanzeru. Gasi wa R22 amaononga mpweya wa ozoni umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, ndipo kilogalamu imodzi ikathawira m'mwamba imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,800 a mpweya wa kaboni. Pansi pa pangano la Montreal la mu 1987 ndi zosintha zake, maiko osauka ngati Malawi ayenera kukhala atasiya pafupifupi gasi yense wa mtunduwu pofika 2030. Eyakoni yakale ya R22, ya mapaipi odyeka, siyenera kompulesa yatsopano. Yoyenera ndi ija imene mapaipi ake akadali olimba, choipha chapezeka, ndipo mwini wake wavomera kulipira ntchito yonse, kuphatikizapo kutsuka ndi kachipangizo koteteza magetsi.