Mau a Pamtondo Analowa M'mabuku

Pali funso limene limabuka kawirikawiri pamene kholo lapeza mwana wace wamkazi atawerama pa buku la nthano, mbale zili zosatsuka. Funso lace ndi ili: kodi munthu wofuna coona apindulanji powerenga nkhani imene mwini wace anacita kuipeka? Ena amaonjezapo kunena kuti, ikakhala yolembedwa ndi mkazi, mudzapezeka ciani m'menemo koposa madandaulo ndi misece ya kumadzi? Tiyeni tiliyankhe mofatsa funso limeneli, pakuti yankho lace likhudza aphunzitsi a mpingo, ankhoswe, ndi onse amene amakhala pansi kuweruza milandu ya mabanja kuno kwa Mlolo.

Poyamba tifunse ngati nthano yopeka ili bodza. Wabodza ndiye amene anena cinthu ndi colinga cakuti mnzace anyengedwe. Koma agogo akayamba nthano madzulo, ana ndi kumabvomera kuti ali tonse, palibe mwana amene anyengedwa. Onse adziwa kuti Kalulu sanayankhulepo, komabe apita kokagona atadziwa kuipa kwa umbombo. M'malembo Oyera momwe, pamene mfumu Davide anatenga mkazi wa Uriya, mneneri Natani sanayambe ndi kumdzudzula. Anamsimbira za munthu wolemera amene analanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, ndipo mfumuyo inapsa mtima niweruza mlanduwo, osadziwa kuti ikudziweruza yokha. Ndiyo nchito ya nthano yabwino: imalowetsa coona pa khomo limene munthu anaiwala kutseka.

Nanga cifukwa ninji tifune nthano za akazi makamaka? Cifukwa cace ncakuti pali mau amene mwamuna sawamva. Mai akaitanidwa pa bwalo, amakhala pansi, maso ali pansi, nayankha mwacidule, pakuti malume ndi apongozi ali pomwepo. Koma mtima wace wonse amautula kwina. Kale ankautula pamtondo, posinja mapira ndi mcewere, ndipo mwamuna wanzeru ankachera khutu ku nyimbo za pamtondo kuti adziwe mmene nyumba yace iliri. Amautulanso kwa bwenzi lace la pamtima, pa ubwenzi uja umene m'midzi yambiri ya kumwera kuno amaucha cinjira: akazi awiri osakhala pacibale amene amapatsana mcere ndi ufa, kudwazikana, ndi kusungirana zinsinsi. Lero cigayo calanda nchito yambiri ya mtondo, ndipo nyimbo zija zacepa. Za pa cinjira nazo sizituluka kunja. Cotero woweruza mlandu wa banja kawirikawiri amaumva wonse kucokera kwa mwamuna, ndi theka lokha kucokera kwa mkazi. Theka lotsalalo ndilo limene akazi olemba nthano analiika m'mabuku.

Taonani buku la Mai Mariama Bâ wa ku Senegal, limene linatuluka m'Cifalansa m'caka ca 1979, ndipo m'Cingerezi likuchedwa So Long a Letter. Buku lonse ndi kalata imodzi imene mkazi wamasiye, dzina lace Ramatoulaye, alembera Aissatou, bwenzi lace la paubwana. Ramatoulaye ndi Msilamu, mphunzitsi wa sukulu, mai wa ana 12. Mwamuna wace anamsiya nakwatira mtsikana amene anali mnzace wa mwana wao woyamba, ndipo pambuyo pace anamwalira. Ali m'kati mwa kulira maliro, mlamu wace afika nanena kuti adzamlowa cokolo, monga ngati akunena za munda wosowa mwini. Mkaziyo akana. Amene amcirikiza si abale a mwamuna ai, koma Aissatou, amene amgulira galimoto kuti asabvutike ndi ana pa ulendo. Zonsezi Ramatoulaye sakanazinena pa bwalo. Azinena cifukwa womumverayo ndi mnzace. Ife owerenga tikhala ngati munthu amene waloledwa kukhala pakhonde pamene anjira awiri akukambirana.

Buku lina licokera kufupi ndi kwathu. Tsidya la mtsinje wa Ruo ndi cigawo ca Zambezia ca dziko la Mozambique, ndipo gule wina wa kumeneko, niketche, ndiye anapatsa dzina buku la Mai Paulina Chiziane la m'caka ca 2002. Mai ameneyu ndiye mkazi woyamba wa dzikolo kusindikiza buku lalitali la nthano, m'caka ca 1990, ndipo mu 2021 analandira mphotho ya Camões, yaikulu koposa kwa olemba m'Cipwitikizi. M'buku la Niketche, mai wina wochedwa Rami azindikira patapita zaka 20 za ukwati kuti mwamuna wace, mkulu wa polisi, ali ndi akazi ena m'nyumba zina. Ayamba ndi kukamenyana nao. Koma poona kuti onsewo ndi osiyidwa monga iye, ana ao ali osowa, awasandutsa abwenzi, nawabwereka ndalama zoyambira malonda kuti aime paokha. Tsiku lina kumveka mbiri yonama yakuti mwamuna uja wafa. Abale ace athamangira kulanda katundu wa m'nyumba ndi kumcititsa Rami mwambo wocotsa imfa, wofanana ndi uja wa kupita kufa umene ife a m'cigwa cino tiudziwa bwino.

Tsono apa ndipo pagona nkhani. Dziko lathu lili nalo lamulo la m'caka ca 2011 loteteza cuma ca masiye, limene likuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ace ndi mlandu. Lamulo lingathe kuuza munthu cimene cili coletsedwa, koma silingamuuze mmene mkazi amamvera poona mphika wace ukutuluka pakhomo maliro asanathe. Munthu amene sanamvepo zimenezo amaweruza mozizira, nati, ndi mwambo, pirirani. Amene anakhala masiku angapo m'mtima mwa Ramatoulaye kapena Rami sangathenso kutero mosabvutika. Akadzafika mkazi wamasiye wa ku Makhanga kapena ku Muona, nanena mau atatu okha, iye adzamva ndi mau ena amene sananenedwe, ndipo adzadziwa funso loyenera kufunsa. Cilungamo ciyamba ndi kumva, ndipo kumva ndi luso lofunika kuliphunzira monga maluso ena onse.

Wina adzati: mabuku otere amanyoza amuna ndi kupasula mabanja. Tisakane kuti alipo mabuku acabe, olembedwa ndi amuna ndi akazi omwe, ndiponso kuti buku la Mai Chiziane lili ndi zina zoyenera akulu okha, zosati nkupatsa mwana wa sukulu. Owerenga sakakamizidwa kubvomereza zonse zimene anthu a m'nthano acita. Koma amene awerenga mabuku awiriwa mosamala adzaona kuti sakometsera akazi. M'buku la Mai Bâ, amene anapasula banja la Aissatou ndi apongozi ace aakazi, amene analera mtsikana wina mwadala kuti adzakhale mkazi waciwiri wa mwana wao. Olembawa aonetsa kuti mkazi angathe kukhala mmbulu kwa mkazi mnzace, ndiponso angathe kukhala mpulumutsi wace. Amene aulula cilonda si ndiye anacipanga.

Tikumbukirenso kuti mabuku amenewa sanabadwe mosabvuta. Mai Flora Nwapa wa ku Nigeria anatulutsa Efuru m'caka ca 1966, nthawi imene olemba a mu Afrika odziwika anali pafupifupi amuna okhaokha. Mai Buchi Emecheta, wa dziko lomwelo, anasimba yekha kuti mwamuna wace anatentha mapepala a buku lace loyamba. Iye analilembanso, akulera ana asanu ku London. Dzina la buku lace la m'caka ca 1979, The Joys of Motherhood, analitenga pa tsamba lotsiriza la Efuru, monga mai apala moto kwa mnzace. Ku Ghana, Mai Ama Ata Aidoo anayambitsa bungwe la Mbaasem m'caka ca 2000 lothandiza akazi olemba. Kwathu kuno tinadikira mpaka 1985, pamene Mai Walije Gondwe a ku Mzimba anatulutsa Love's Dilemma, ndipo Mai Emily Mkamanga anatsatira ndi The Night Stop mu 1990. Kucedwa kumeneku sikunali kusowa kwa nzeru. Amene anasunga nthano za makolo ndi kupeka nyimbo za pamtondo ndi akazi omwewo; cimene anamanidwa ndi sukulu, nthawi, ndi pepala.

Catsala cobvuta cimodzi: mabuku onse tachulawa ali m'zinenero zacilendo, ndipo sapezeka pa msika wa kwathu. Ici ncoona, koma siciticotsera udindo. Mphunzitsi amene ali nalo limodzi la mabukuwa angathe kulisimba m'cinenero cathu pa msonkhano wa amai kapena wa ankhoswe, monga tacitira pano, ndi kufunsa omvera ngati zotere zimacitika m'mudzi mwao. Coposa apo, nkhani za m'cigwa cino zikudikira wozilemba m'Cicewa ndi m'Cisena. Madzi osefukira a mu 2015, 2019 ndi 2023 anasiya amai ambiri ali ndi zimene anauza anjira ao okha, usiku m'misasa. Zimenezi zikapanda kulembedwa zidzapita nao kumanda, ndipo adzukulu adzangodziwa ciwerengero ca nyumba zogwa.

Cifukwa cace, inu makolo, mukadzapeza mwana wamkazi atawerama pa buku, muuzeni atsuke mbale, pakuti nazo nzofunika. Koma bukulo musamlande. Mfunseni akusimbireni zimene wawerenga, ndipo mukatha mgulireni kope ndi colembera. Ndipo inu abambo amene mumaitanidwa kukaweruza za m'nyumba za anzanu, musacite manyazi kubwereka buku lomwelo mwanayo akalimaliza.