Kalavani Yogona Anthu Anayi

Chimene chinandiyambitsa zonsezi ndi msewu wa Leopards Hill. Ndimakhala ku Palabana, ndili ndi ng'ombe zamkaka zochepa, ndipo m'mawa uliwonse ndimakagulitsa mkaka ku Bauleni ndi ku Woodlands. Lachisanu masana ndikamabwerera ndi zigubu zopanda kanthu, ma Hilux ndi ma Land Cruiser amandipitirira akukoka tinyumba ta matayala awiri, mipando yopinda atamangirira pamwamba. Lamlungu madzulo amabwerako ali mbuu ndi fumbi. Kwa zaka zambiri ndinkangoti ndi za azungu. Kenako ndinayamba kuona anthu akuda ngati ine pa chiwongolero, ndipo kansanje kanandilowa.

Amayi anga, amene anakulira ku Katete, atamva kuti ndikufuna kalavani anaseka mpaka kutsokomola. "Mwananga, ife tinavutika kuti tichoke mumsasa tigone m'nyumba ya malata. Iwe ukufuna kulipira kuti ukagone panja? Kwafa ndani?" Sanalakwe. Kwathu mwamuna amagona panja pamaliro, kapena polondera chimanga kumunda.

Achimwene anga aakulu sanaseke. Anawerenga ndi zala: mwana wa uje wakhoza Grade 12 koma alibe ya kukoleji, denga la amayi likudontha, feteleza wakwera. Ambiri a inu mawu amenewa munawamvapo tsiku limene munagula foni yabwino, kapena nsapato za m'sitolo m'malo mwa salaula. Tanthauzo lake ndi lakuti ndalama yako ili ndi eni ake ena. Sindikuwakana mawuwo onse, ndipo denga tinalikonza. Koma likakhala lamulo lakuti munthu asapume mpaka wachibale womaliza atakhuta, ndiye palibe wa mu komboni amene adzapume, chifukwa mzere umenewo sutha. Ana anga anabadwira kufupi ndi Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, koma mbidzi anayamba kuiona m'buku la kusukulu. Zambezi amangoyankhira pa mayeso. Alendo amawoloka nyanja kudzaona dziko limene mwana wako amalidziwira pa mapu. Nawonso ndi umphawi, ngakhale sumveka m'mimba.

Nditadziyankha chonchi ndinayesa kuti chovuta chatha, kwatsala za zitsulo.

Za zitsulozo sizinanditengere nthawi. Laisensi yanga ya kalasi B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, katundu ali momwemo. Motoka yanga ndi Corolla yakale, ndipo amene anatsetserekapo pa mapiri a Kapiringozi popita ku Chirundu kapena ku Siavonga, malori ali kutsogolo ndi kumbuyo, akudziwa chimene ngolo yolemera imachita ndi mabuleki a motoka yaing'ono. Imakukankha. Ngoloyo imafunanso nambala yake ku RTSA, magetsi akumbuyo ogwira ntchito, ndi tayala lapadera. Msewu wofika pakhomo panga nawo nthawi ya mvula sufuna chinthu chotsika mimba. Zonsezi zinkaloza ku kalavani yaing'ono. Ndinayamba kufufuza pa Facebook zakale zochokera ku South Africa, za Jurgens ndi zina, ndipo pafupifupi aliyense wogulitsa ankalemba chinthu chimodzi: imagona anthu anayi.

Usiku wina ndinawaonetsa amayi a ana zithunzi pa foni. Anayang'ana kabedi, kasinki, kachitofu ka gasi, kenako anafunsa, "Mwawerenga angati?"

"Anayi. Ine, inu, ndi ana awiriwa."

"Nanga uyo akutsuka mbale pakhondepo?"

Pakhondepo panali mwana wa mlongo wanga. Ali ndi zaka 15, ndipo wakhala nafe zaka zinayi chimwalirire mayi ake. Pa mwambo wathu wa Chichewa ine ndine mwini mbumba. Ana amene ndinabereka ali ndi amalume awo kuchikazi, koma uyu mwini wake ndine. Akadwala, akalakwa, akafuna kukwatiwa, nkhani imafikira kwa ine.

Ndikanakonda kunena kuti ndinamuiwala, chifukwa kuiwala ndi mlandu wopepuka. Koma sindinamuiwale. Ndinamuwerenga, kungoti ndinamuika mbali ina ya pepala, pamodzi ndi loko, galu ndi chakudya cha nkhuku, zinthu zimene zimatsala kuti enafe tipite. M'mutu mwanga ulendo unali utakonzeka kale: wina ayenera kutsala pakhomo, ndipo winayo sindinafunike kumutchula dzina. Amadya chimene ana anga amadya, sukulu ndimamulipirira, ndipo ndinkadzitama nazo kutchalitchi. Kamakina ka kunja kanangonena nambala, ine n'kusankha wochotsa mosachedwa n'komwe.

Nditadzifunsa bwino ndinapeza china chochititsa manyazi kuposa apo. Kuchepa kwa kalavaniyo sikunali vuto limene ndinkalipirira. Ndiko kumene ndinkakukonda. Ukakhala ndi minibasi, aliyense amakwera. Ukakhala ndi malo anayi okha, sufunika kukana munthu ndi pakamwa pako, chitsulo chimakukanira. "Tikanakutengani, koma malo." Ndinkagula mpanda wa matayala.

Kuno ku Palabana nkhaniyi imamveka kwambiri chifukwa ndi kwawo kwa ngolo. Kuwonjezera pa sukulu yophunzitsa za mkaka, pano panali likulu loyesera zipangizo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo mpaka lero pali chida chophwanyira nthaka youma pansi chimene chimatchedwa Palabana subsoiler. Ngolo ya ng'ombe ilibe nambala ya anthu. Imanyamula chimanga mu June, manyowa mu September, mayi woyembekezera usiku, bokosi la maliro m'mawa. Mwini wake amadziwa kuti chilichonse chokhala ndi matayala ndi chake theka, theka linalo ndi la mudzi. Kalavani ya bedi ndi sinki ndi chinthu choyamba cha matayala chimene ndinaona chimene munthu sangabwere kudzabwereka. Simungaikemo matumba a simenti. Simungaikemo maliro.

Kodi kufuna chinthu chotero ndi tchimo? Ine ndikuti ayi, ndipo pano ndimasiyana ndi achimwene. Banja limene silinakhalepo lokha limakhala losadziwana. Pali amuna amene akhala ndi akazi awo zaka 20 osacheza nawo ola limodzi popanda mlendo pabalaza. Mwana wamanyazi salankhula pakakhala anthu khumi. Mpanda uli ndi ntchito yake, ndipo amene amanyoza mipanda yonse nthawi zambiri ndi amene amadya za ena. Chimene chinandilakwika n'chakuti mpanda wangawo unadutsa pakati pa nyumba yanga, n'kusiya kunja mwana amene alibe khomo lina loti angalitchule kuti kwawo. Achimwene akatsala, amatsala kwawo. Mtsikanayu akatsala, amatsala ngati wantchito.

Kalavani ija sindinagule. Ndinapita kwa owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ndipo anandipangira kangolo ka bokosi kokhala ndi chivundikiro, matayala ake ofanana ndi a Corolla kuti lapadera likhale limodzi. Ndinagula matenti awiri, ina ya atsikana, ina yathu ndi kamnyamata. Ndalama yake sinafike theka la ya kalavani. Za magetsi sitinadandaule, popeza chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, chinatiphunzitsa tonse kuphika ndi kudya mumdima.

Musaganize kuti ndinapambana. Kangoloko kabwerekedwa kale kanayi. Kananyamula mipando ya chilanga mulilo, kananyamula nkhuni za pamaliro, ndipo ulendo wina kanabwera nyali yakumbuyo itasweka, wobwerekayo osanenapo kanthu. Ndinakwiya masiku awiri, ndipo ndinaikumbukira kalavani ija ngati mmene munthu amakumbukira chibwenzi chakale. Komanso ng'ombe sizidziwa Loweruka. Zimafuna kukamidwa m'mawa ndi madzulo, ndiye amatsala ndi mnyamata amene amandigwirira ntchito kukhola. Ndimamuwonjezera ndalama, ndipo sabata yotsatira amapuma, ndimakama ndekha. Komabe tikamatuluka pageti iye akutibayibitsa, ndimaona kuti mzere uja ndinangousuntha kuchoka pakhonde kupita kukhola.

Ulendo woyamba tinapita ku Siavonga, pafupifupi makilomita 200 kuchoka ku Lusaka, tonse asanu. Amayi anatipatsa nsinjiro ndi malangizo okhudza ng'ona. Usiku ana anawerenga nyali za maboti ogwira kapenta mpaka tulo tinawagwira.

M'bandakucha ndinadzuka nditamva phokoso kunja. Ndinapeza mtsikana uja atathyola kanthambi akusesa mchenga kuzungulira matenti, madzi a tiyi atateleka kale. Ndinamuuza kuti asiye, lero palibe ntchito.

"Nanga ndizichita chiyani, amalume?"

Ndinatsegula pakamwa, yankho osabwera, chifukwa nanenso manja ankandiyabwa, inali nthawi yokama. Ndinatambasula mipando iwiri. Tinakhala pansi kuyang'ana maboti akubwerera kumtunda, iye kanthambi kaja kali pamiyendo.