Kodi Kofatsa N'koyenera Kupasulidwa Nyumba?

Amayi anzathu, ife a kuno kunyanja, kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, timazidziwa njuchi zing'onozing'ono zokhala pansi, zimene akuluakulu amazitcha mpasi. Zilibe mbola. Zimamanga m'nthaka, kawirikawiri m'chulu, ndipo khomo lake ndi kachubu ka phula ndi utomoni kamene ungakapitirire osakaona. Uchi wake siziika m'zisa ngati njuchi zamumng'oma, koma m'timiphika taphula. Ndi wamadzimadzi, wowawasira, ndipo ndi wochepa zedi.

Mwana akamatsokomola, timatuma anyamata ndi khasu kukafukula. Apa m'pamene pali funso lathu. Njuchi zamumng'oma zikavutitsidwa zimatha kusamuka. Izi ayi. Mayi wawo akayamba kuikira mazira amalemera, sathanso kuuluka. Tikafukula, iye amafera pomwepo, ana amatsala padzuwa, nyerere n'kumalizitsa. Banja lonse latha chifukwa cha uchi wosadzaza ngakhale botolo.

Wina ati, "Kodi kachilombo n'kuposa mwana?" Ayi ndithu, mwana ndiye woyamba. Koma ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikuti: khanda losakwana chaka 1 lisapatsidwe uchi wa mtundu uliwonse, chifukwa ungathe kulidwalitsa koopsa. Ndipo chifuwa chopitirira masabata 2 n'chofunika kukayezetsa TB, osati kuchinyengerera ndi uchi. Choncho nthawi zambiri timapasula nyumba popanda chimene tapulumutsa.

Tidzifunse moona. N'chifukwa chiyani njuchi zoluma timaziyandikira mwaulemu, ndi utsi ndiponso mantha, pamene izi timangozifikira ndi khasu masanasana? Yankho lake n'lochititsa manyazi: timalemekeza chimene chingatibwezere. Khalidwe lomweli timaliona pamaliro, pamene achibale alanda katundu wa mayi wamasiye podziwa kuti sayankha. Ulemu wopereka kwa oopsa okha si ulemu, ndi mantha chabe.

Komanso njuchizi zimatigwirira ntchito osalipidwa. Poyenda m'maluwa zimanyamula mungu, zipatso n'kugwira. Moto wolusa ndi mankhwala opopera thonje zikuzivutitsa kale, tisaonjezere khasu.

Tikapeza kachubu kaja m'munda, tizikepo kamtengo, tilambule udzu mozungulira moto usafike, ndipo tiwaonetse adzukulu. Mwana wophunzira kuleka chofooka lero sadzalanda mbuzi za mlamu wake mawa.