Ntchito ya Adamu sinathe

Chaka chimene matimati anga ku Tsangano anayamba kuuma masamba ngati awauka ndi moto, ndinathothola tsamba limodzi n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Pakati pake panali malo oyererako, opyapyala ngati pepala lokhathamira mafuta. M'kati mwa tsambalo, pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi, munali kambozi kobiriwira kotalika ngati njere ya mpunga, kakudya mwakachetechete n'kumasiya timanyi takuda kumbuyo.

Ndinapita nalo kwa amayi, omwe amadziwa mphalabungu ndi matondo, mtengo umene iliyonse imakonda, ngakhale mwezi wake wogwera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Aka ayi, mwananga. N'kambozi basi."

Dzina lake ndinalimva kwa alangizi: Tuta absoluta. Kagulugufe kake n'kotuwa, kakang'ono kwambiri, ndipo kamauluka dzuwa likalowa. Kwawo n'ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, kenaka kanadutsa mayiko mpaka kudzapezeka m'dimba langa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kanali ndi dzina kalekale. Anakatcha ndi Edward Meyrick mu 1917, atangoona kamphongo kamodzi kogwidwa ku Huancayo m'dziko la Peru. Meyrick anali mphunzitsi ku Marlborough ku England, ndipo pa moyo wake anatcha mayina mitundu yoposa 14,000 ya tiagulugufe tating'onoting'ono. Mphunzitsi mnzanga ameneyu ndimamuganizira kawirikawiri: akaweruka kusukulu, m'malo mopuma, ankawerama pa tizilombo tomwe ambirife timangotifikisa ndi chala.

Chaputala chachiwiri cha Genesis chimasimba kuti Mulungu anabweretsa zamoyo kwa Adamu kuti aone mayina omwe iye adzazitcha. Ndili ku Sande sukulu ndinkaganiza kuti ntchitoyo inatha tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Koma agulugufe ausiku otchedwa kale mayina alipo mitundu pafupifupi 160,000, ndipo chaka chilichonse akatswiri amalengeza ina. Ena mwa aang'ono kwambiri, a banja la Nepticulidae, akatambasula mapiko amangokwana mamilimita atatu. Mbozi zawo zimabadwira pa tsamba limodzi, kukumba kanjira kokhotakhota m'kati mwake, osadziwa kuti kunja kuli nkhalango.

Kutcha dzina koteroko si kungotchula. Munthu amatola masamba okumbidwawo, kuwasunga m'botolo, n'kudikira mpaka kagulugufe katuluke, kuti adziwe mbozi iyi ndi mwana wa yani. Amakaunika ndi makina okuza zinthu mpaka ziwalo zoberekera, chifukwa mitundu yofanana mapiko imasiyanira kumeneko. Masiku ano amayezanso DNA. Kenaka amayerekeza ndi zosungidwa m'malo ngati Natural History Museum ku London, kumene kuli zimene Meyrick anasonkhanitsa. Akatsimikiza kuti palibe anakalembapo, amakapatsa dzina la mawu awiri monga anakhazikitsira Carl Linnaeus mu 1758, n'kusunga kamodzi ngati mboni ya dzinalo.

Mdzukulu wanga atamva izi anandifunsa: "Agogo, ngati Mulungu anakalenga kalekale, bwanji akuti kapezeka kumene?"

Funso limenelo ndinagona nalo. Kachilomboko sikanasowepo. Tsamba limakadziwa, mleme umakadziwa, Mwini wake amakadziwa. Ochedwa ndife. Ndipo kuchedwa kwathu kuli ndi chifukwa chochititsa manyazi pang'ono: timatcha dzina chimene timadya ndi chimene chikutidyera. Mphalabungu ili ndi dzina chifukwa ndi ndiwo. Ntchemberezandonda ili ndi dzina chifukwa imatha chimanga, monga tinaonera mu 2017 pamene boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Zonse zotsala, zobwera pa nyali usiku, timangoti kadziotche.

Komatu Adamu sanapatsidwe zodyedwa zokha. Pamenepa m'pamene ndinasintha maganizo, chifukwa poyamba ndinkati kuwerenga tsitsi la pa mwendo wa kagulugufe ndi ntchito ya anthu okhuta. Munthu angayankhe kuti dzina la 1917 lija linathandiza alangizi patapita zaka pafupifupi 100, ndipo n'zoona. Koma Meyrick sankadziwa za matimati anga. Anakayang'anitsitsa chifukwa kanalipo. Ine ndikuona kuti kumeneku n'kulemekeza Mlengi: kuvomera kuti chinthu chikhoza kukhala choyenera kuchidziwa ngakhale chisakupatse kanthu. Amene amaphunzira kuona zinthu motere savutika kuona mwana wamasiye wokhala kumbuyo m'kalasi, amene dzina lake aphunzitsi saligwira mpaka teremu kutha. Ndikunena zimene ndinachitapo ndekha.

Sindikudziyeretsa. Matimati ndimapoperabe mankhwala, ndipo masamba odwala ndimawakwirira, chifukwa fizi ya ana imachokera m'dimbamo. Kudziwa dzina sikunathetse nkhondo yathu. Kunangochotsa mwano.

Dzulo usiku mdzukulu uja anabwera ndi kagulugufe m'chikhatho, kamapiko a golide okhala ndi kamzere koyera. Anandifunsa dzina lake. Ndinati sindikudziwa, mwinanso palibe akudziwa. Anakayang'ana kachiwiri, n'kupita kukafuna botolo.