KODI MPHATSO YOPEMPHEDWA IRI MPHATSO NDITHU?

Mwezi wathawu inafika kuno ku Kabwazi kalata yoitanira anthu ku ukwati wa mwana wathu wina amene agwira nchito ku Lilongwe. Pansi pa maina a akwati panalembedwa manambala awiri, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, pamodzi ndi mau akuti oitanidwa asabvutike kugula mbale kapena nsaru, koma atumize ndalama za ulendo wa ku nyanja umene akwatiwo afuna kuyenda utatha ukwati. Analembanso mitengo yache, wa galimoto, wa chipinda chogonamo usiku umodzi, ndi wa chakudya, kuti munthu ali yense asankhe chimene adzalipira. Kalatayo inautsa makani pa bwalo la tchalitchi. Ena anati, Uku nkupempha kopanda manyazi. Ena anati, Iai, mwanayo wachita bwino, watiletsa kugula zinthu zimene sazifuna. Koma amai ena amasiye sananene kanthu. Iwo anali atapatula kale beseni la nyemba, ndipo tsopano sanadziwe ngati alitenge kapena alisiye. Chifukwa cha amai amenewa tifuna kusinkhasinkha nanu mlanduwu.

Mwambo wolemba mndandanda wa mphatso unayamba m'masitolo a ku America. Sitolo ya Marshall Field, mu mzinda wa Chicago, inatsegula buku lotere m'chaka cha 1924. Mkwatibwi analembetsa mbale ndi zipangizo zimene anazikonda, ndipo abwenzi pofika anaona zimene zatsala, kuti anthu asanu asagule chinthu chimodzimodzi. M'zaka za pambuyo pache, popeza ambiri a kumeneko alowa m'banja ali nazo kale mbale ndi mipando, anayamba kupempha ndalama za ulendo wa akwati, umene autcha hanimuni. Tsono mwambowo wafika ndi kwathu kuno.

Tisafulumire kunena kuti kupempha nkwachilendo. Makolo athu analinso ndi mndandanda wao, koma sanaulembe, pakuti mudzi wonse unaudziwa pamtima. Taonani zimene zichitika pa chinkhoswe kufikira lero: ankhoswe apatsana nkhuku, tambala ndi msoti; mwamuna alandira khasu ndi nkhwangwa; mkazi alandira lichero, mthiko ndi chipande. Mkamwini pofika kwa akuchikazi anamuonetsa malo omangapo nyumba ndi munda wolima, ndipo denga analisenza anthu ambiri. Palibe anachita manyazi kunena chosowa chache, popeza onse anadziwa mau aja akuti kupatsa nkuika. Ndipo ife amene tidandaula ndi kalata ya mnyamatayu, kodi sitibvina pa perekani-perekani, pamene wolengeza aitana akuchimuna, aitana akuchikazi, ndi kubwereza kufikira dzuwa lipendeka? Kumeneko nakonso nkupempha, ndipo nkwa mau okweza. Chomwecho tinena poyera kuti kutchula chosowa chako kwa abale si tchimo ai.

Komatu pali zinthu zitatu zimene zitiletsa kubvomereza kalatayo monga iriri.

Choyamba ndi ichi: mphatso za makolo zinamanga nyumba, ndipo zinakhalitsa m'nyumbamo. Wopereka khasu analiona m'munda chaka ndi chaka, ndipo tsiku la ndeu anali ndi pakamwa polankhulira, pakuti dzanja lache linali m'banjamo. Ndalama ya ulendo itha masiku asanu. Sitikana kuti kupumula kwa akwati nkwabwino. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, muli lamulo lomasula mwamuna wokwatira chatsopano ku nkhondo chaka chathunthu, kuti akhale kwao ndi kusangalatsa mkazi wache. Ife akulu tibvomerenso kuti maukwati athu ena akadayamba bwino tikadakhala ndi masiku owerengeka a awiriwiri, kutali ndi maso a apongozi ndi alamu. Koma funso ndi lakuti, alipira ndani? Maukwati ambiri kuno achitika titakolola, m'miyezi ya August kufikira October, ndiyo nyengo yomwe mlimi asonkhanitsa ndalama ya fetereza ndi mbeu. M'mwezi wa November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 ali onse, ndipo thumba la fetereza linakwera pomwepo. Alipo pakati pathu olima kachewere ndi nyemba amene sanatsikepo mseu wa Khwekhwerere kukaona nyanja chibadwire. Kodi nkoyenera kuti munthu wotere achepetse fetereza wa m'munda mwache, kuti mwana wolandira malipiro pa mwezi akagone usiku umodzi ku Mangochi?

Chachiwiri: mndandanda wokhala ndi mitengo uyesa mlendo pa sikelo. Amai amasiye aja sanaletsedwe kubwera, koma pa kalatapo panalibe malo a nyemba. Munthu akaona kuti chimene ali nacho sichinalembedwe, amva mumtima kuti iye mwini sanalembedwe. Tikumbukire mkazi wamasiye wa m'buku la Marko, mutu 12, amene anaponya tindalama tiwiri, ndipo Ambuye anamuyesa wopambana olemera onse. Pano tisaloze chala kwa achinyamata okha. Pamene wolengeza pa perekani-perekani anena kuti aimirire okhawo a K5,000, ndipo agogo amene analera mkwatibwi atsala pa mpando atafumbata K200, tachita choipa chomwecho, ndipo tachichita pamaso pa khamu.

Chachitatu: ukwati ukakwera mtengo, ambiri auopa. Tidziwa anyamata ndi atsikana a mu mpingo amene akhalira pamodzi zaka, osadalitsa ukwati wao, chifukwa alibe ndalama ya holo, ya zobvala za operekeza, ndi ya makeke. Tidziwanso ena amene analowa m'banja ndi ngongole ya katapila, nagulitsa mbuzi za amao kuti abweze. Tikaonjezapo ulendo wa ku nyanja monga chinthu chosalephera, tidzakhala taika mwala wina pa khomo limene liri lolemera kale.

Kapena wina adzati, Nanga wakakamizidwa ndani? Wosafuna asiye. Mbale, mau amenewo angamveke m'tauni, kumene woitanidwa akhoza kukana osaonananso ndi mwini ukwati. Pa mudzi sizitero. Pempho la mwana wa mlongo wako liri ndi mphamvu ya lamulo, pakuti udziwa kuti mawa ukwati udzakhala wa mwana wako, ndipo maliro adzagwa pa khomo pako. Wopempha ayenera kudziwa kulemera kwa mau ache, ndi kupempha monga munthu amene adzafunsidwanso.

Tsono yankho lathu ndi ili. Mphatso yopemphedwa iri mphatso ndithu, ngati wopereka atsala ndi ufulu wosankha, ndipo ngati wosauka akhoza kufika ndi chache osagwetsa nkhope. Ufulu umenewo ukachoka, yasanduka msonkho.

Chifukwa chache tilangiza ana athu motere. Zosowa zanu muuze ankhoswe, ndipo iwo ayankhe amene afunsa. Imeneyo ndiyo nchito yao kuyambira kale. Muyambe ndi zomangira nyumba: malata, mphasa, mapoto, mbeu. Musalembe mtengo pa kalata yopita kumudzi. Ngati mtima wanu uli pa ulendo wa ku nyanja, sungani ndalama yanu pang'ono pang'ono, kapena anzanu a ku nchito amene afuna akuthandizeni; ndipo ikachepa, nyanja siithawa, mudzapita chaka china. Ndi inu oitanidwa, musakwiye mwana akanena zoona kuti mbale ali nazo. Kumpatsa mabeseni khumi ndi awiri chifukwa cha mwambo chabe si chikondi.

Ukwati uja uli mwezi wa mawa. Tatumiza mau kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo amai amasiye aja tawauza kuti atenge beseni lao la nyemba, akhale pa mpando wa kutsogolo. Chatsala nchakuti mkwati ndi mkwatibwi adzalilandira bwanji. Tiwapempha kuti atsike pa mipando yao, alilandire ndi manja awiri, pakuti amai amenewo ndiwo anabereka mkwatiyo kumbuyo pamene amache anali kumunda.

Tsalani ndi mtendere.