Kodi Tsitsi Limeneli Walipira Ndani?

Anzanga acinyamata, nkhani imene ndifuna kukamba nanu inayambira pa mkangano wa m'gulu lathu kuno kwa Mlolo. Panali pa Sondo masana, m'mwezi wa Ogasiti 2025, patatsala masabata awiri kuti anthu apite ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Atsikana atatu anabwera ku msonkhano ataluka tsitsi lofika m'ciuno, zikhadabo zili psuu. Mnyamata wina anaimirira nati Mkristu weniweni sayenera kuponda m'saluni. Mtsikana wina anamuyankha kuti iyeyo ameta sabata iliyonse ku babashopu, nanga ndalama zakezo ndiye zoyera? Phokoso litakula, ine monga mtsogoleri ndinatenga coko ndi kupempha kuti tiyambe talemba mitengo pabolodi tisanaweruzane.

Mitengo imene anachula, yomwe iwo eni analipira kapena kufunsa pa boma pa Chadiza ndi ku Chipata, inali yotere: kumeta K20; kuluka mukule ndi tsitsi lako lomwe K50; kuluka ndi tsitsi logula, kuphatikiza mapaketi ndi woluka, K300 mpaka K350; zikhadabo zomata K100; wigi ya tsitsi la munthu kuyambira pa K1,500. Pansi pa zonsezi ndinalemba mtengo umodzi: thumba la cimanga la 50kg ku FRA, limene caka cimeneco linali pa K340.

Tonse tinangoti cete. Palibe mwana wa kwa Mlolo amene sadziwa thukuta la thumba limodzi: kulima, kupalira, kuthira feteleza, kukolola, kutong'ola ndi kunyamula pangolo. Tinali tisanaiwalenso cilala ca 2024, pamene mabanja ambiri sanatute ndi thumba limodzi lomwe. Tsono kuluka kumodzi ndi thumba lathunthu, ndipo wigi imodzi ipitirira matumba anai.

Kodi kudzikongoletsa ndi chimo?

Ndiyambe ndi kuyankha mnyamata uja. Iai, kudzikongoletsa si chimo. Agogo athu anali kudzola mafuta a nsatsi, kuvala mikanda ndi kutema mphini kalekale saluni isanabwere. M'Baibulo timva kuti Estere anakhala miyezi 12 akukonzedwa ndi mafuta onunkhira asanaonekere kwa mfumu (Estere 2:12). Pamene Mariya anadzoza Ambuye Yesu mafuta a mtengo wolingana ndi malipiro a waganyu pafupifupi caka cathunthu, amene anadandaula za ndalama anali Yudase, ndipo Ambuye anamuikira kumbuyo Mariya (Yohane 12:3-8).

Ndi zoona kuti Paulo ndi Petro analemba za kuluka tsitsi, golidi ndi zovala za mtengo wapatali (1 Timoteo 2:9; 1 Petro 3:3-4). Koma monga ndimvera ine, cimene anali kudzudzula ndi mtima woonetsa cuma pakati pa abale osauka, ndi kuiwala kuti ulemu wa munthu uli mkati. Munthu angathe kumeta mpala koma ali wodzikuza kuposa wa wigi. Motero funso lathu lisakhale lakuti kuluka nkololedwa kodi. Funso limene ndifuna kuti aliyense adzifunse ndi ili: kodi zimene zili pamutu pangazi walipira ndani, ndipo walipira ndi ciani?

Ndalama yanu ipita kuti?

Tsitsi logula lili mitundu iwiri. La m'mapaketi, monga la Darling, ndi ulusi wopangidwa m'fakitale kucokera ku zinthu za pulasitiki. La munthu ndilo lokwera mtengo, ndipo lambiri licokera ku India. Ku kacisi wa Tirumala, m'cigawo ca Andhra Pradesh, amuna ndi akazi ameta tsitsi lao monga nsembe, ndipo akuluakulu a kacisiyo amaligulitsa kwa amalonda. Lambiri limakasokedwa kukhala mawigi ku China, makamaka mumzinda wa Xuchang. Ngakhale lina limene timalichula kuti Brazilian silinaoneko Brazil. Ndi dzina la malonda cabe.

Kucokera kumeneko liyenda ulendo wautali kufika m'masitolo a ku Kamwala mu Lusaka, kenaka ku Chipata, ndi kudzafika pa Chadiza. Aliyense amene laligwira aikapo phindu lake, ndipo popeza ligulidwa kunja ndi madola, kwacha ikagwa mtengo wake ukwera. Mai amene anameta ku India uja sanalandire kanthu. Ndipo kumapeto kwa ulendo kuli munthu winanso amene alandira zocepa: woluka wa kwathu konkuno.

Taganizani za iyeyu. Akhala pacimpando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, msana uli kuwawa, zala zitatupa. Kusitolo tinapereka ndalama ya mapaketi osanenerera, koma tikafika kwa iye tiyamba kuti, “Ndiwe mlongo wanga mwa Ambuye, ndicitireko cifundo, ndidzakupatsa tikagulitsa soya.” Soya agulitsidwa, ife tiyamba kulambalala njira ya kunyumba kwake. Anzanga, kumeneko ndi kuba. Cilamulo ca Mose cinalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo (Deuteronomo 24:14-15), ndipo Yakobo acenjeza za malipiro obisidwa (Yakobo 5:4). Kuluka ndi nchito yaulemu. Ndi luso limene liphunzitsidwa m'masukulu a pansi pa TEVETA, ndipo kuyambira mu 2022 ndalama za CDF zili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Pali atsikana amene alera azing'ono ao ndi cipeso cokha. Ngati tsitsi lanu lili bwino koma woluka ali kukudikirani, ndiye kuti walipira ndi iyeyo.

Mtengo wosalembedwa pakhoma

Sindili kulemba izi monga munthu wosalakwa. Pamene ndinali ku koleji, m'caka coyamba, ndinacita manyazi ndi mukule wanga wakumudzi pakati pa atsikana a m'tauni. Ndinatenga kaloba ya K400 kuti ndikabweze K600 pakutha pa mwezi. Mwezi unatha ndilibe kanthu. Ndinatumira atate foni ndi kunama kuti kufunika ndalama ya mabuku. Iwo sanafunse zambiri, anagulitsa mbuzi. Pa cuti ndinapeza khola lili ndi mbuzi imodzi m'malo mwa ziwiri, tsitsi lija nditamasula kale ndi kulitaya kudzala. Anthu amene ndinafuna kuti andione sakumbukira n'komwe mmene ndinaonekera. Ine ndikumbukira nkhope ya atate pamene ndinawaululira. Tsitsi limenelo analipira ndi iwo, ndipo ine ndinalipira ndi bodza.

Ena alipira mtengo woposa pamenepa. Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, m'midzi mwathu mubwera amuna a masikelo ndi ndalama m'thumba. Kale anali kuwachula acidyamakanda, lero ati mabulesa, koma mcitidwe ndi womwewo. Sayamba ndi mau oipa. Ayamba ndi kuti, “Mtsikana wokongola ngati iwe sayenera kuoneka tero, tenga iyi ukaluke.” Ndidziwa mtsikana wina wanzeru m'kalasi amene analandira ndalama yotere kawiri. Kacitatu mwini ndalama anafuna zake. Pamene mimba inaoneka, sikelo inali itasamuka. Boma linalola kuyambira mu 1997 kuti mtsikana wobereka abwerere kusukulu, ndipo kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere, koma iye sanabwerere, pakuti panalibe womusiyira mwana. Tsitsi linakhala masabata asanu ndi limodzi. Akulu anati cakomacakoma pusi anagwa cagada. Esau naye anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza cifukwa ca njala ya tsiku limodzi (Genesis 25:29-34).

Apa ndilankhule ndi inu anyamata, pakuti mwina muganiza kuti nkhaniyi si yanu. Ndani amaseka mtsikana wa tsitsi lacibadwa kuti ndi wakumudzi? Ndani amayamikira oyera khungu okha? Mumuseka akakhala wosaluka, akaluka mumuchula dzina loipa. Nanga apite kuti? Ndiponso ndalama imene mumeta nayo sabata ndi sabata, ngati mwatapa m'nkhokwe ya amai osapempha, funso lija likukhudzani cimodzimodzi. Ndipo iwe mlongo wanga wamwamuna amene upatsa mtsikana ndalama ya saluni uli kuwerenga zimene udzatenge, dziwa kuti imeneyo si mphatso, ndi nyambo.

Thupi nalo lilipira

Pali wina amene alipira mwakacetecete, ndilo thupi. Kuluka kokoka kwambiri, kobwerezabwereza popanda kupumitsa mutu, kumazula tsitsi la pamphumi, ndipo zikapitirira silimeranso. Mankhwala ambiri oongolera tsitsi ali ndi soda woopsa amene amatentha khungu la pamutu akakhalitsa. Pansi pa zikhadabo zomata pakalowa madzi pamayamba matenda a cikhadabo. Oopsa koposa ndi mafuta oyeretsa khungu. Ena ali ndi hydroquinone, ena ali ndi mankhwala amphamvu oyenera kulembedwa ndi dokotala, ena ali ndi mercury, imene bungwe la zaumoyo la WHO lacenjeza kuti imaononga impso. Khungu limapyapyala, nkhope imacita mawanga akuda, ndipo ndalama imene inagula mafuta iyambanso kufunika kucipatala. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

“Koma ndalama ndi yanga”

Pa msonkhano uja mmodzi wa atsikana atatu aja anandifunsa funso labwino. Anati, “Amai anandipatsa mizere yanga ya nshawa, ndinalima ndekha, ndinagulitsa ndekha. Kodi wosauka alibe ufulu wooneka bwino ngakhale kamodzi pacaka?” Ndinamuyankha kuti ali nao, ndipo ndibwerezanso pano. Munthu sakhala ndi nsima yokha. Cimwemwe naco cifunika. Amene walima, kapena wasunga m'cilimba, nalipira woluka mokwanira, napanda kusiya ngongole kapena mng'ono wake wopanda sopo, aluke ndi mtima woyera, ndipo wina asamuloze cala. Mpingo sungaike malire kuti kufika pa K100 ndi ciyero, kupitirira apo ndi chimo. K300 kwa mphunzitsi wolandira pamwezi si yofanana ndi K300 kwa mwana wa sukulu wa m'banja limene lili kugula ufa pa meda.

Komabe ngakhale ndalama ili yanu, dzifunseni cifukwa cimene mufunira. Pali kusiyana pakati pa kukonda kuoneka bwino ndi kuopa kuoneka monga mulili. Woyamba akasowa ndalama aluka mukule napita ku mapemphero ali kuseka. Waciwiri akasowa ndalama akhala kunyumba, kapena afuna ndalamayo mwa njira iliyonse. Ameneyu sali pa ufulu, ndipo amalonda ndi acidyamakanda amudziwa bwino.

Muyeso umene ndakupatsani

Cimene ndinaphunzira pa mbuzi ya atate ndi muyeso wapafupi. Musanakhale pampando wa m'saluni kapena wa m'babashopu, dzifunseni ngati mungathe kuuza amai anu, mokweza ndi mosabisa, mtengo wake weniweni ndi dzina la amene wapereka ndalamayo. Ngati mungathe, khalani pansi akukonzeni. Ngati muyamba kucepetsa mtengo, kapena kunena kuti anakupatsani ndi azakhali pamene si iwo, imirirani mubwerere kunyumba. Cimene cifuna bodza kuti cikhale pamutu panu cakwera mtengo kale kuposa mmene mungakwanitsire.

M'gulu lathu tinagwirizana zinthu ziwiri tsiku lija. Atsikana odziwa kuluka ayamba kuphunzitsa anzao pa Ciweru masana, ndipo aliyense wolukidwa ndi mnzake alipira tsiku lomwelo, ngakhale ndi meda ya nshawa. Anyamata analonjeza kuleka kuseka tsitsi ndi khungu la alongo ao. Si onse asunga lonjezo, koma mkangano wa mtundu uja sunabwerenso.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Lembani mitengo ya kumeta, kuluka ndi zikhadabo ya kwanuko, ndipo muiyerekeze ndi mtengo wa thumba la cimanga. Mwapeza ciani?

2. Kodi alipo amene anakugwirirani nchito ndipo simunamulipire? Mudzamulipira liti?

3. Mnzanu akayamba kulandira ndalama za saluni kwa mwamuna wamkulu, mungalankhule naye bwanji kuti amve popanda kumucititsa manyazi?

4. Ndi mau otani amene anyamata ndi atsikana a m'gulu lanu ayenera kuleka kunenerana pa nkhani ya maonekedwe?